Foni ingathandize odwala matenda amgonagona, bola kuseri kwake kukhale munthu

Chaka chatha, ku kiliniki ya odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi kudabwera mayi wina wa zaka za m'ma 50 amene adali atasowa miyezi inayi. Chidawabweretsa ndi chilonda cha pa chala cha kuphazi chimene chinkakana kupola. Shuga wawo adali atakwera kwambiri, BP nayonso chimodzimodzi. Panja padali mzere wautali, ndiye ine ndidachita zimene ambiri a ife timachita tikapanikizika: ndidawadzudzula. Ndidawauza kuti akapitiriza kusewera ndi mankhwala adzadulidwa mwendo.

Iwo adawerama kanthawi, kenaka adati: "Adokotala, mankhwalawo ndili nawo kunyumba. Koma ine ndatopa. Usiku sindigona, ndimangoganiza. Kukacha ndimati ndimwerenji poti matendawa sapola."

Ndidawalembera mankhwala, ndidawatumiza kokatsukitsa chilonda, n'kuitana wodwala wotsatira. Madzulo ake, mmodzi mwa ophunzira a kukoleji yathu ya zaumoyo amene ndimayenda nawo m'chipatala adandifunsa kuti: "Aphunzitsi, mayi aja amati atopa. Pa kutopa kumeneko timapereka chiyani?" Ndidasowa choyankha. Shuga ndi chilonda ndidazisamalira, koma chimene chidawasiyitsa mankhwala ndidachisiya chili chomwecho.

Inu makolo amene mukulera mwana wa khunyu, wa sikoselo kapena wa shuga wofuna jakisoni tsiku ndi tsiku, komanso inu mavolontiya amene mumayenda khomo ndi khomo kulondola anthu amene asiya ma ARV, kutopa kumeneku mumakudziwa kuposa ine. Vuto ndi lakuti akatswiri a matenda a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo zipatala zodziwika pa ntchitoyi, monga Zomba Mental ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, zili kutali ndi anthu ambiri.

M'maiko ena, njira imodzi imene yakula kwambiri ndi yopereka uphungu wa m'maganizo kudzera pa intaneti ndi pa foni. Ine ndikuivomereza ndipo ndikufuna ifike m'makiliniki athu. Koma pali mfundo imodzi imene sindingalolere kuti itayike. Thandizoli limayenda bwino pamene kuseri kwa foniyo kuli munthu wophunzitsidwa, amene akumudziwa wodwalayo, amamuimbira pa tsiku limene adapangana, ndipo amalumikizana ndi chipatala chimene wodwalayo amalandirako mankhwala. Munthu ameneyo akasowa, ambiri amayamba bwino koma amasiyira panjira.

Maganizo ndi gawo la matendawo

Mu 2007, magazini ya zachipatala ya The Lancet idasindikiza zotsatira za kafukufuku wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, amene adafunsa anthu oposa 245,000 m'maiko 60. Mwa anthu amene adali ndi shuga, mphumu, nyamakazi kapena matenda a mtima, pakati pa anthu 9 ndi 23 mwa 100 alionse adalinso ndi matenda ovutika maganizo, amene pa Chingerezi amati depression. Chiwerengerochi chidali chokwera kuposa cha anthu opanda matenda amgonagona. Kafukufukuyo adaonetsanso kuti matenda a m'thupi akaphatikizana ndi kuvutika maganizo, thanzi la munthu limatsika kwambiri kuposa pamene ali ndi matenda a m'thupi okhaokha.

Zofufuza zina zaonetsa kuti kwa wodwala shuga, chiopsezo chovutika maganizo chimawirikiza pafupifupi kawiri. Ndipo wodwala amene akuvutika maganizo ali pa chiopsezo chowirikiza katatu chosatsatira bwino chithandizo chimene wapatsidwa kuchipatala.

Zimenezi zili ndi chifukwa chake. Munthu wovutika maganizo amaiwalaiwala, amasowa mphamvu, ndipo saona phindu la zinthu zimene kale ankazichita mosavuta, kuphatikizapo kumwa mapiritsi ndi kupita ku kiliniki pa tsiku lake. Komanso munthu akakhala ndi nkhawa nthawi yaitali, thupi limatulutsa timadzi totchedwa cortisol ndi adrenaline, timene timakweza shuga ndi BP. Kusagona kumaonjezera vutoli. Shuga akakwera, munthu amafooka, amakodza pafupipafupi usiku, ena mphamvu za m'banja zimachepa, ndiye nkhawa ija imakulirakulira. Vuto la m'thupi limadyetsa la m'maganizo, la m'maganizo n'kudyetsanso la m'thupi.

Anthu amene akukhudzidwa si ochepa. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi WHO mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 alionse adali ndi shuga. Kuonjezera apo, anthu pafupifupi 1 miliyoni ali ndi kachilombo ka HIV. Onsewa ndi anthu amene akuyenera kumwa mankhwala zaka zambiri, ena moyo wawo wonse.

Uphungu wake ndi wotani?

Kuno tikamva za uphungu, ambiri timaganiza za mawu amene timauzidwa tisanayezetse magazi, kapena malangizo a ankhoswe. Uphungu umene ndikunena pano ndi chithandizo chokhala ndi ndondomeko, chimene nthawi zambiri chimatenga masabata 5 mpaka 12, ndipo wodwala amapatsidwa zoti akayese kunyumba n'kudzafotokoza mmene zayendera.

Njira imodzi yodziwika kwambiri imatchedwa CBT. Mfundo yake ndi yakuti zimene munthu akuganiza, mmene akumvera mumtima ndi zimene akuchita zimakokana. Titenge mayi aja. Ganizo lawo lidali lakuti matendawa sapola, choncho palibe chifukwa chovutikira. Ganizo limeneli lidawasiyitsa mankhwala, kenaka kupita kumsika ndi kumisonkhano ya amayi anzawo. Kukhala okha kudawapatsa nthawi yochuluka yoganiza. Phungu wa CBT sangawanamize kuti shuga adzatha. Amawafunsa kuti: "Miyezi imene munkamwa mankhwala mokhulupirika, munkakwanitsa kuchita chiyani chimene panopa chikukukanikani?" Akatero amapangana kanthu kamodzi kakang'ono koti achite sabata imeneyo, monga kukacheza kwa mnzawo Lachitatu masana, ndipo sabata yotsatira amakambirana mmene zidayendera.

Njira ina ndi yothandiza munthu kumasula mavuto ake limodzilimodzi. Wodwala amatchula zonse zimene zikumusowetsa tulo, amasankhapo vuto limodzi limene angathe kuchitapo kanthu, amaganizira njira zingapo, amasankha imodzi n'kukaiyesa. Phungu sauza wodwala chochita. Ntchito yake ndi kufunsa mafunso oyenera ndi kumuthandiza kuti asasochere mu unyinji wa mavutowo.

Pa foni ndi pa intaneti, chithandizochi chimaperekedwa m'njira zitatu. Yoyamba, wodwala ndi phungu amalankhulana mwachindunji pa foni kapena pa vidiyo. Yachiwiri, wodwala amawerenga kapena kumvetsera maphunziro pa foni pa nthawi yake, ndipo mthandizi amamuimbira kwa mphindi zochepa pa sabata kuti amve mmene zikuyendera. Yachitatu, wodwala amangotsitsa pulogalamu n'kumadziyendera yekha popanda womutsatira. Zofufuza zambiri zaonetsa kuti njira yachitatuyi ndi imene anthu amaisiya msanga, ndipo phindu lake limakhala locheperapo poyerekeza ndi pamene pali mthandizi.

Zimene zapezeka kumene adayesa

Ku London, akatswiri a pa King's College adakonza pulogalamu ya pa intaneti yotchedwa COMPASS, yopangidwira anthu odwala matenda amgonagona. M'malo mongokamba za nkhawa mwachisawawa, imakamba zinthu zimene wodwala amakumana nazo: kusadziwa kuti mawa thupi lidzuka bwanji, kutopa, kusintha kwa maubale ndi mmene angalankhulire ndi madokotala. Zotsatira za kafukufuku wake zidatuluka mu 2024. Anthu 194 odwala matenda a impso, a m'matumbo, a pakhungu ndi a mitsempha adagawidwa m'magulu awiri. Pakutha pa masabata 12, anthu 89 mwa 100 alionse amene adagwiritsa ntchito COMPASS adapeza kusintha kooneka pa nkhawa ndi kukhumudwa kwawo, poyerekeza ndi 45 mwa 100 a gulu linalo. Koma onani ichi: aliyense wa gulu loyambalo ankalankhulanso ndi phungu pa foni kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kwa mphindi pafupifupi 30 ulendo uliwonse.

Mwina mukuti uko ndi ku Ulaya, kumene aphungu ndi ambiri ndipo intaneti ili m'nyumba iliyonse. N'zoona, ndipo anthu 194 si ambiri. Ndiye tiyeni tione kumene zinthu n'zovutirapo. Ku Lebanon, WHO ndi unduna wa zaumoyo wa dzikolo adayesa pulogalamu ya Step-by-Step pakati pa nzika za dzikolo ndi anthu othawa nkhondo ochokera ku Syria. Ili ndi magawo asanu ofotokozedwa ngati nkhani ya zithunzi, ndipo munthu amalankhulana ndi mthandizi kwa mphindi 15 pa sabata. Athandiziwa sadali madokotala a maganizo, adali anthu ophunzitsidwa ntchitoyo ndi kumayang'aniridwa. Zotsatira za mu 2022 zidaonetsa kuti kuvutika maganizo kudachepa. Pulogalamuyi sidali ya odwala matenda amgonagona okha, koma ikutiphunzitsa kuti munthu wa kuseri kwa foni sayenera kuchita kukhala katswiri wa matenda a maganizo.

Chitsanzo chapafupi chili ku Zimbabwe. Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare, kumene amayi achikulire othandiza pa zaumoyo m'madera adaphunzitsidwa njira ija yomasula mavuto, n'kumakumana ndi odwala pa benchi panja pa kiliniki. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya JAMA adatsata anthu 573 m'makiliniki 24, ndipo pafupifupi 4 mwa 10 alionse adali ndi HIV. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, anthu 14 mwa 100 amene adakhala pa benchi adali akadali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, poyerekeza ndi 50 mwa 100 a gulu linalo. Nthawi ya Covid-19, bungweli lidayamba kuthandizanso anthu kudzera pa foni ndi pa WhatsApp. Njira ya benchiyi yayesedwanso kuno, m'zipatala zina za ku Lilongwe, pakati pa anthu oyamba kumwa ma ARV.

M'malo atatu onsewa muli chinthu chimodzi chofanana. Pali ndondomeko yoyesedwa, pali munthu woitsatira limodzi ndi wodwala, ndipo munthuyo ali ndi womuyang'anira.

Chifukwa chake foni ikutiyenera kuno

Anthu oposa 8 mwa 10 alionse m'Malawi amakhala kumudzi. Kuuza wodwala kuti azibwera kuchipatala cha boma sabata iliyonse kwa masabata asanu ndi limodzi ndi kumuuza kuti apeze ndalama ya kabaza ndi minibasi maulendo onsewo, kusiya munda kapena geni, n'kukakhala pa mzere tsiku lonse. Ambiri amabwera kamodzi basi. Palinso manyazi. Anthu ena amaopa kuonedwa akulowa m'chipinda chimene anthu amati n'cha amisala, koma kulandira foni palibe amene amadabwa nako.

Chinanso, masiku ano amene akuyenda bwino pa ma ARV amalandira mankhwala a miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Zimenezi n'zabwino, koma zikutanthauza kuti ife a kuchipatala timamuona munthuyo kawiri kapena kanayi kokha pa chaka. Maliro, kutha kwa banja kapena ngongole zikamugwera pakati pa maulendowo, timadzazindikira mochedwa, tizilombo titachuluka kale m'magazi.

Komanso kuthandizidwa pa foni si kwachilendo kwa ife. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chidayambira ku Balaka mu 2011 n'kufalikira dziko lonse, chidaonetsa kuti Amalawi amaimba ndi kufunsa nkhani za umoyo akadziwa kuti kuimbako n'kwaulere ndipo woyankhayo ndi wazaumoyo weniweni wolankhula chinenero chawo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: tisadikire kuti aliyense adzakhale ndi foni yamakono pamene kafoni ka mabatani kali kale m'midzi yambiri.

Madandaulo omveka

Anzanga ena kuntchito sagwirizana nane, ndipo zifukwa zawo n'zomveka.

Choyamba ndi chinsinsi. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, ndipo imakhala m'thumba mwa bambo. Mayi amene sadaululire mwamuna wake kuti ali ndi kachilombo angapwetekedwe ndi uthenga umodzi wolembedwa mosasamala. Choncho nthawi yoimbirana izisankhidwa ndi wodwala, uthenga wolemba usamatchule matenda, ndipo funso loyamba la phungu lizikhala lakuti: "Muli pamalo poti mungalankhule momasuka?" Palinso chinsinsi cha kumakampani. Mu 2023, bungwe la boma la America loteteza ogula lidalamula kampani ya uphungu wa pa intaneti ya BetterHelp kubweza ndalama zokwana madola 7.8 miliyoni, pa mlandu wopereka uthenga wa makasitomala ake ku makampani monga Facebook kuti augwiritse ntchito potsatsa malonda. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wa munthu la mu 2024, ndipo aliyense wobweretsa pulogalamu yotere kuno ayenera kufotokoza poyera kumene amasunga zimene odwala anena.

Chachiwiri ndi ndalama. Wodwala amene akusowa ya chakudya sangagule bandulo yoti azionera vidiyo. Yankho langa ndi lakuti woimba akhale wa kuchipatala. Wodwala azingoflasha, ndipo mayunitsi akhale mu bajeti ya kiliniki monga mmene amakhalira magolovesi ndi thonje.

Chachitatu ndi chinenero. Mapulogalamu ambiri ali m'Chingerezi ndipo amafuna munthu wodziwa kuwerenga bwino. Odwala athu sanena kuti ali ndi depression. Amati akuganiza kwambiri, mtima ukuwawa, mutu sukuleka kupweteka, thupi lonse likuphwanya. A ku Zimbabwe adapambana chifukwa adayambira pa mawu a Chishona akuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso, amene odwala ankagwiritsa ntchito kale. Ifenso tiyambire pa mawu athu, m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zina, ndipo mawu olankhula achuluke kuposa olemba.

Chachinayi ndi chimene chimandivuta kwambiri. Mavolontiya ndi alangizi a zaumoyo ali kale ndi katundu wolemera, ambiri popanda malipiro okwanira. Kumvetsera zowawa za anthu tsiku ndi tsiku kumatopetsa mtima. Ngati sitingawaphunzitse mokwanira, kuwapatsa mayunitsi ndi kuwapezera namwino kapena clinical officer wa matenda a maganizo woti azikambirana naye pafupipafupi, ndi bwino tisayambe n'komwe.

Pamene foni siyokwanira

Uphungu sulowa m'malo mwa insulini, ma ARV kapena mankhwala a khunyu. Aliyense wokuuzani pa foni kuti musiye mankhwala, kaya akudzitcha phungu, kaya ndi pulogalamu ya kompyuta yocheza ngati munthu, musamumvere. Pulogalamu yotere sidziwa zotsatira za magazi anu ndipo singabwere pakhomo panu zinthu zikavuta.

Kufooka ndi kusasangalala nthawi zina kumachokera m'thupi momwemo: kuchepa kwa magazi, TB, vuto la chithokomiro, kapena mankhwala ena. Mwachitsanzo, phenobarbitone amene ambiri a khunyu amamwa angathe kugonetsa ndi kusintha khalidwe. N'chifukwa chake wodwala ayambe waonedwa kuchipatala, ndipo kusintha mankhwala kuchitikire komweko.

Pali zizindikiro zimene sizidikira foni ya sabata yamawa. Munthu akanena kuti bola kufa, akayamba kutsanzika kapena kugawa katundu wake, musamusiye yekha. Chotsani tameki, mankhwala a mbewu, zingwe ndi mapiritsi ochuluka, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa ganizolo, koma kumamutsegulira mpata wolankhula. Wodwala shuga akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kulankhula zosokonekera, mwina shuga watsika: ngati akutha kumeza, mpatseni madzi a shuga n'kuthamangira naye kuchipatala. Munthu wa HIV amene mutu ukumupweteka kwambiri ndipo wayamba kubalalika afunika kuonedwa mwachangu, chifukwa angakhale ndi matenda oumitsa khosi. Womva mawu amene ena sakuwamva nayenso afunika kuonedwa maso ndi maso.

Zimene inu mungachite

Inu makolo, mwana wa zaka za m'ma 13 mpaka 19 amene akumwa mankhwala tsiku lililonse amafika pena pamene amadana nawo, chifukwa amamusiyanitsa ndi anzake. Mukapeza mapiritsi obisidwa pansi pa mphasa, musayambe ndi chikwapu. Mufunseni chimene chikumulemera. Ngati kuchipatala amupezera phungu wa pa foni, mubwerekeni foni ndipo mutalikire kuti alankhule momasuka. Koma musanatero, dziwani dzina la phunguyo ndi chipatala kapena bungwe limene akuchokera, ndipo katsimikizeni kuchipatalako. Phungu weniweni sapempha zithunzi za thupi, safuna kukumana ndi mwana kumalo obisika, ndipo sagulitsa mankhwala azitsamba. Ana amene ali ndi HIV alimbikitseninso kupita ku Teen Club kumene ilipo, chifukwa kucheza ndi anzawo ofanana nawo kumachita zimene foni singachite. Inunso eni ake, ngati kusamala wodwala kwakusowetsani tulo, thandizoli ndi lanunso.

Inu mavolontiya, mukapeza munthu amene wasiya mankhwala, musanamukumbutse za kuopsa kwake, mufunseni mafunso awiri. M'masabata awiri apitawa, kodi mwakhala mukumva kukhumudwa kapena kutaya mtima masiku ambiri? Kodi zinthu zimene zinkakusangalatsani zasiya kukusangalatsani? Akavomera limodzi mwa awiriwa, mperekezeni kuchipatala ndipo nenani zimenezo kwa namwino kapena dokotala. Kumeneko kuli mndandanda wa mafunso 9 wotchedwa PHQ-9, umene udamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa pakati pa odwala shuga kuno ku Malawi, wothandiza kudziwa kukula kwa vutolo. Ena amafunika uphungu wokha, ena amafunikanso mankhwala.

Kwa amene amayendetsa zipatala zathu, pempho langa silofuna nyumba zatsopano. Mafunso awiri aja azifunsidwa ku kiliniki iliyonse ya shuga, BP, khunyu ndi ma ARV, monga mmene timayezera sikelo. Wopezeka ndi vuto akumane ndi phungu maso ndi maso ulendo woyamba, tsiku lomwelo, kuti adziwane nkhope. Maulendo otsatirawo achitike pa foni, pa tsiku ndi ola lopangana. Zotsatira zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala kuti amene adzamuone wodwalayo mwezi wamawa adziwe. Mapulogalamu a pa intaneti adzabwere kudzathandiza ndondomeko imeneyi kwa amene ali ndi mafoni amakono, osati kudzailowa m'malo.

Mayi aja adabweranso patatha mwezi, ndipo ulendo uno ndidayamba ndi kupepesa kenaka kufunsa. Namwino wathu wa matenda a maganizo adakhala nawo pansi, ndipo adapangana kuti aziwaimbira Lachinayi lililonse masana pa foni ya mwana wawo wamkazi. Vuto loyamba limene adasankha kumasula silidali la shuga ayi. Lidali la mdzukulu amene adabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, nkhani imene inkawasowetsa tulo kwa miyezi. Shuga akadali naye ndipo adzakhala naye, chilonda chidatenga nthawi kuti chipole, ndipo masiku ena amatopabe. Koma kuyambira pamenepo sadaphonyeko tsiku la kiliniki.

Nkhani ya munthu mmodzi si umboni wa sayansi, umboniwo ndi umene ndaupereka pamwambapa. Chimene ndidaphunzirapo ine n'chakuti funso la wophunzira uja lili ndi yankho, ndipo yankholo lingafike kumudzi pa kafoni ka mabatani ngati pali munthu woimba. Sabata ino, pa anthu amene mukuwasamala, sankhanipo mmodzi amene wayamba kuzemba mankhwala, mukhale naye pansi, mumufunse mafunso awiri aja, ndipo mudikire mpaka ayankhe.